Mwasintha port ya pulogalamu ya pa webu koma siikufikika: kofufuza ndi zokonza

Pulogalamu iliyonse ya pa webu imabwera ndi port, nambala ya khomo limene imamvetserapo, imene opanga ake anaiikiratu. Tomcat, Spring Boot ndi Jenkins zimayambira pa 8080. Django, Gunicorn ndi `php artisan serve` ya Laravel pa 8000. Flask pa 5000. Rails ndi Next.js pa 3000; Angular pa 4200; Vite pa 5173. Manambala ozolowereka ndi ochepa pamene mapulogalamu ndi ambiri, ndiye tsiku lina awiri amalimbirana khomo limodzi, wina n'kufunika kusamuka. Kusintha nambalako sikuvuta, kawirikawiri ndi mzere umodzi basi. Chimene chimavuta n'chakuti nambalayo imalembedwa pamalo amodzi koma imadziwika m'malo ambiri: firewall, proxy (seva yapakati monga Nginx), Docker, burawuza, nthawi zina ngakhale mu database. Mukasintha apa n'kuiwala apo, pulogalamu imadzuka bwinobwino koma palibe amene akuifikira.

Kuti musataye tsiku lonse, yambirani mkati mwa makina n'kumatuluka pang'onopang'ono. Osayamba kugwiragwira firewall musanatsimikize kuti pulogalamuyo ikumvetseradi pa port yatsopano. M'zitsanzo zonse pansipa tikusamuka pa 8080 kupita pa 8085.

## Ndani akumvetsera, ndipo akumvetsera pati

Pa Linux lembani `sudo ss -ltnp`. Chilembo cha l chikusankha ma socket amene akumvetsera, t ndi TCP, n imaletsa kusandutsa manambala kukhala mayina, p imaonetsa pulogalamu imene yagwira port. Popanda `sudo` mudzaona ma port onse koma dzina la mwini wake lidzasowa ngati pulogalamuyo ikuyendetsedwa ndi akaunti ina. Mzere umene mukufuna umaoneka chonchi:

`LISTEN 0 100 127.0.0.1:8085 0.0.0.0:* users:(("java",pid=2417,fd=41))`

Pa macOS ndi `sudo lsof -nP -iTCP -sTCP:LISTEN`. Pa Windows ndi `netstat -ano | findstr LISTENING`, ndipo nambala yomaliza pa mzere uliwonse ndi PID, nambala ya pulogalamu yoyenda, imene mungaifufuze ndi `tasklist /FI "PID eq 2417"`.

Mzere umodzi umenewu ukukuuzani zinthu zitatu: port, adilesi imene pulogalamu yadzimangirirapo, ndi mwini wake. Mukaona 8080 m'malo mwa 8085, zimene munasintha sizinawerengedwe. Mukapanda kuona pulogalamuyo n'komwe, ndiye kuti inafa podzuka ndipo yankho lili mu log. Mukaona 8085 monga mumafunira, pulogalamu ilibe mlandu. Vuto lili pa njira yoifikira.

## Yadzukanso pa port yakale

Ili ndi limene limazunza anthu kwambiri, chifukwa fayilo mwaisintha ndi manja anu, mwaisunga, mwaiwerenganso kawiri, koma pulogalamu ikunenabe 8080. Chifukwa chake nthawi zambiri n'chimodzi: port ikhoza kuikidwa m'malo angapo, ndipo pali malo ena amene mawu ake amaposa a fayilo imene mwasinthayo.

Spring Boot imaonetsa bwino dongosolo limeneli. `server.port=8085` mu `application.properties` ili pansi penipeni. Fayilo ya profile, monga `application-prod.properties`, imaiposa. Fayilo ya dzina lomwelo imene ili kunja kwa jar (fayilo imene pulogalamu ya Java imapakidwamo), mu foda imene pulogalamu ikuyendera kapena mu `config/`, imaposa ya mkati mwa jar. Pamwamba pa zonsezi pali environment variable ya `SERVER_PORT`, ndipo pamwamba penipeni pali `--server.port=` wolembedwa pa lamulo loyatsira. Palinso kamsampha kena: mukasintha fayilo ya mu `src/main/resources` osapanganso jar, jar yakale imayendabe ndi nambala yakale.

Kuti muone zimene pulogalamu yoyenda kale inalandiradi, osati zimene mukuganiza kuti inalandira, gwiritsani ntchito PID ija:

`tr '\0' ' ' < /proc/2417/cmdline`

`sudo cat /proc/2417/environ | tr '\0' '\n' | grep -i port`

Lamulo loyamba likuonetsa mmene inayatsidwira, lachiwiri likuonetsa ma variable ake. Ngati pali `PORT=8080` kapena `SERVER_PORT=8080`, mwapeza wolakwa.

Flask ili ndi msampha wakewake. Mzere wa `app.run(port=8085)` umagwira ntchito pokhapokha mukayatsa ndi `python app.py`. Mukayatsa ndi `flask run`, chigawo cha `if __name__ == "__main__"` sichifikidwa n'komwe, ndiye pulogalamu imabwerera pa 5000. Pamenepo pafunika `flask run --port 8085` kapena variable ya `FLASK_RUN_PORT`. Chimodzimodzi ngati ikuyendetsedwa ndi Gunicorn: nambala imachokera ku `--bind 0.0.0.0:8085`, osati mu kodi ya pulogalamu. Django ilibe malo a port mu `settings.py`; ndi `python manage.py runserver 8085` basi. Next.js siiwerenga `PORT` kuchokera mu fayilo ya `.env`, chifukwa seva imadzuka fayiloyo isanawerengedwe, ndiye ikani `-p 8085` pa `next dev` kapena `next start`. ASP.NET Core ikayatsidwa ndi `dotnet run` imatenga `applicationUrl` mu `Properties/launchSettings.json`, koma fayiloyi siipita nawo pulogalamu ikakaikidwa pa seva, kumene `ASPNETCORE_URLS` ndiye amalamula.

Ngati pulogalamu ili pansi pa systemd, choyatsa ndi kuyang'anira mautumiki pa Linux, `systemctl cat dzina.service` imasonyeza fayilo yaikulu pamodzi ndi zowonjezera zonse zimene zaikidwa pamwamba pake. Jenkins ndi chitsanzo chabwino. Kuyambira 2022, maphukusi ake a Linux anasamukira ku systemd, ndipo `/etc/default/jenkins` kapena `/etc/sysconfig/jenkins`, zimene malangizo akale ambiri amatchulabe, sizikuwerengedwanso. Njira yake tsopano ndi `sudo systemctl edit jenkins`, n'kulemba `Environment="JENKINS_PORT=8085"` pansi pa `[Service]`. Mukasintha fayilo ya unit ndi manja, osadzera pa `systemctl edit`, musaiwale `sudo systemctl daemon-reload` musanachite `restart`, apo ayi systemd iyatsa pulogalamu ndi malangizo akale amene inasunga.

Docker Compose nayo: `docker compose restart` imangozimitsa ndi kuyatsa container yomwe ija, siiwerenganso fayilo ya YAML. Port yatsopano imafuna `docker compose up -d`, imene imapanga container ina.

Apache imafuna kusintha pawiri. `Listen 8085` imatsegula port, ndipo pa Debian ndi Ubuntu mzerewu uli mu `/etc/apache2/ports.conf`, pamene pa RHEL ndi Fedora uli mu `/etc/httpd/conf/httpd.conf`. Koma `<VirtualHost *:80>` nayo iyenera kukhala `<VirtualHost *:8085>`. Mukasintha `Listen` yekha, port itseguka koma mudzalandira tsamba lina, osati la pulogalamu yanu. Mukasintha VirtualHost yekha, palibe chimene chitseguke.

Chomaliza pano: pa mautumiki monga Heroku ndi Google Cloud Run, port simusankha ndinu mu kodi. Amaipereka kudzera pa variable ya `PORT`, ndipo pulogalamu imene yalembedwa nambala yokhazikika imaonedwa ngati yakanika kudzuka. Mu Node.js mzere woyenera ndi `app.listen(process.env.PORT || 8085)`.

## "Address already in use"

Uthengawu umabwera m'maonekedwe osiyanasiyana: `EADDRINUSE` mu Node.js, `Port 8085 was already in use` mu Spring Boot, `That port is already in use` mu Django, `java.net.BindException` mu Tomcat. Nambala yake ndi 98 pa Linux, 48 pa macOS, 10048 pa Windows. Tanthauzo ndi limodzi: wina wakhala kale pa adilesi ndi port imeneyo.

Nthawi zambiri "winayo" ndi pulogalamu yanu yomwe, imene munaiyatsa poyamba ndipo sinafe. Amene amaimitsa seva ndi Ctrl+Z m'malo mwa Ctrl+C amakumana nazo kawirikawiri. Ctrl+Z siipha, imangogoneka pulogalamu, ndipo yogonayo imagwirabe port. Chizindikiro chake n'chakuti burawuza imangozungulira osayankhidwa. Lembani `jobs` pa terminal yomweyo, kenako `fg` ndi Ctrl+C. Kwa ina iliyonse, `kill 2417` ayambe; `kill -9` akhale womaliza, chifukwa sapatsa pulogalamu mpata wotseka mafayilo ndi ma connection a database. Mukaipha n'kuona kuti yabweranso ndi PID ina pakangopita masekondi ochepa, pali amene akuiukitsa: systemd, pm2, supervisor kapena Docker. Imitsani kudzera kwa iyeyo.

Musaphe chinthu chimene simunachizindikire. Pa macOS, kuyambira Monterey mu 2021, port 5000 ndi 7000 zimagwidwa ndi AirPlay Receiver, ndipo `lsof` imaonetsa dzina la ControlCenter. Ogwiritsa ntchito Flask amaona zodabwitsa: mwina pulogalamu ikukana kudzuka, mwina burawuza ikulandira 403 kuchokera kwa seva imene si yawo. Kuipha sikuthandiza, imabweranso. Zimitsani AirPlay Receiver mu System Settings, kapena ingosamukani pa 5001. Pa Windows, PID 4 ndi System, kutanthauza kuti port yagwidwa ndi HTTP.sys m'malo mwa pulogalamu ina monga IIS. `netsh http show servicestate` imasonyeza amene anapempha.

Tomcat iwiri pa makina amodzi imafuna chidwi. Mu `conf/server.xml` muli `<Connector port="8080">` imene aliyense amasintha, koma pamwamba pa fayiloyo palinso `<Server port="8005">` yozimitsira, ndipo ngati AJP (njira yolumikizira Tomcat ndi Apache) yayatsidwa pali 8009. Mukasintha 8080 yokha, Tomcat yachiwiri iyamba kudzuka kenako n'kudzizimitsa chifukwa 8005 ili ndi mwini kale.

Nanga `ss -ltnp` ikaonetsa kuti palibe aliyense, koma uthenga ukubwerabe? Pali zifukwa ziwiri. Choyamba ndi TIME_WAIT: seva ikatseka connection, Linux imasunga malowo kwa masekondi 60. Ma seva odziwika amaika `SO_REUSEADDR` ndiye sakhudzidwa, koma kaseva kolemba nokha ndi ma socket wamba kamakana kudzuka mpaka mphindi ithe. `ss -tan state time-wait` imaonetsa zimenezi. Chachiwiri ndi kusankha nambala yaikulu kwambiri. Linux imabwereka ma port a pakati pa 32768 ndi 60999 kwa ma connection otuluka, ndipo Windows imagwiritsa ntchito 49152 mpaka 65535. Mukaika pulogalamu pa 45000, iyenda bwino masiku ambiri, kenako tsiku lina podzuka ipeza kuti nambalayo yabwerekedwa kwakanthawi. Vuto lobwera mwa apo ndi apo lotere limavuta kulipeza, ndiye ndi bwino kulipewa: sankhani pakati pa 1024 ndi 32767, ndipo yang'anani kaye kuti si ya utumiki wodziwika. 9090, imene anthu ambiri amathamangira akachoka pa 8080, ndi ya Prometheus komanso ya Cockpit. 3306 ndi ya MySQL, 5432 ya PostgreSQL, 6379 ya Redis.

Vite siikana kudzuka. Ikapeza 5173 yagwidwa imangolemba kamzere pa terminal n'kupita pa 5174, inu n'kumayang'ana tsamba la pulogalamu yakale n'kumadabwa kuti zosintha zanu sizikuoneka. Ikani `strictPort: true` pansi pa `server` mu `vite.config` kuti izikana poyera.

## "Permission denied"

Pa Linux ma port a pansi pa 1024 ndi a root yekha, ndiye kusamukira pa 80 kapena 443 kumabweretsa `EACCES`. Njira yachidule imene imabwera m'mutu ndi `sudo`, koma imeneyo ndi yoipitsitsa: kabowo kalikonse mu pulogalamu kamapatsa wolowa makina onse. Ngati pulogalamu ili pansi pa systemd, onjezani `AmbientCapabilities=CAP_NET_BIND_SERVICE` pansi pa `[Service]`; chilolezocho chimakhala cha utumiki umodzi wokhawo. Njira ya `sudo setcap 'cap_net_bind_service=+ep'` pa fayilo ya `node` kapena `python` imagwira ntchito, koma imatsegulira chilichonse choyendetsedwa ndi fayiloyo, siigwira pa symlink, ndipo imafufutika phukusi likangokwezedwa, pulogalamu n'kufa pa tsiku limene simukuyembekeza. Kwa seva yeniyeni, chanzeru ndi kusiya pulogalamu pa 8085 n'kuika Nginx, Apache kapena Caddy kutsogolo pa 80 ndi 443.

Koma uthenga womwewu ukhoza kubwera pa port yaikulu, ngakhale muli root. Pa RHEL, Rocky Linux, AlmaLinux ndi Fedora, wokaikiridwa woyamba ndi SELinux, dongosolo lachitetezo loika malire pa zimene pulogalamu ingachite. Nginx imalemba `bind() to 0.0.0.0:8085 failed (13: Permission denied)`, Apache imalemba `AH00072: make_sock: could not bind to address`. SELinux imalola ma seva a webu pa ma port a mitundu yosankhidwa yokha, makamaka olembedwa `http_port_t`, amene mwachibadwa ndi 80, 81, 443, 488, 8008, 8009, 8443 ndi 9000. Onani ndi `sudo semanage port -l | grep http_port_t`, ndipo onjezani yanu ndi `sudo semanage port -a -t http_port_t -p tcp 8085`. Ikayankha kuti port yatanthauziridwa kale, ndiye kuti ili ndi mtundu wina. Gwiritsani ntchito `-m` m'malo mwa `-a`. Lamulo la `semanage` likasowa, lili mu phukusi la `policycoreutils-python-utils`. Kuti mutsimikize kuti ndi SELinux yemwe, `sudo ausearch -m avc -ts recent` imaonetsa mzere wokhala ndi `name_bind`. `setenforce 0` ndi yoyesera kwa mphindi imodzi, si mankhwala.

Windows ilibe lamulo la 1024, koma ili ndi lake. Hyper-V, WSL 2 ndi Docker Desktop zimasungitsa magulu a ma port, ndipo pulogalamu ikafuna nambala ya m'gulu lotere imalandira 10013, ndi mawu akuti `forbidden by its access permissions`, pamene `netstat` sikuonetsa aliyense. Onani magulu amenewa ndi `netsh interface ipv4 show excludedportrange protocol=tcp`. Amasintha makina akazimitsidwa n'kuyatsidwanso, n'chifukwa chake port imene inkagwira dzulo ikhoza kukana lero. `net stop winnat` kenako `net start winnat`, pa terminal ya Administrator, kawirikawiri zimamasula.

## Pa makina pomwepo ikuyenda, kunja sikufikika

Bwererani ku mzere wa `ss` uja n'kuyang'ana chimene chili kumanzere kwa 8085. `127.0.0.1` akutanthauza kuti pulogalamu ikulandira ochokera m'makina momwemo okha, ndipo kutsegula firewall sikungasinthe kanthu. `0.0.0.0` ndi ma adilesi onse a IPv4, pamene `[::]` kapena `*` ndi onse a IPv6, nthawi zambiri pamodzi ndi IPv4. Ma seva oyesera a Django, Flask ndi Vite amayambira pa makina okha mwadala, poteteza. Kuwatsegula ndi `runserver 0.0.0.0:8085`, `flask run --host 0.0.0.0 --port 8085`, kapena `vite --host`. Django ikatero ikhoza kuyankha 400 ndi `DisallowedHost` mpaka adilesiyo italowa mu `ALLOWED_HOSTS`. Ndipo Flask yoyatsidwa debug isatsegulidwe kunja, chifukwa debugger yake imalola kuyendetsa kodi pa makinawo.

Kuchokera pa kompyuta ina, `curl -v http://adilesi:8085/` imasiyanitsa mavuto awiri amene burawuza imawasakaniza. `Connection refused` wobwera nthawi yomweyo akusonyeza kuti uthenga unafika koma unabwezedwa: palibe womvetsera pa adilesiyo, kapena firewall yakana poyera. Kudikira mpaka `timed out` kukusonyeza kuti wina akutaya mapaketi mwakachetechete, ndipo ameneyo pafupifupi nthawi zonse ndi firewall. firewalld imakonda kuyankha `No route to host`, mawu amene amasokoneza chifukwa njira ilipo bwinobwino.

Kutsegula port pa firewall, pa Ubuntu ndi `sudo ufw allow 8085/tcp`. Pa firewalld ndi `sudo firewall-cmd --permanent --add-port=8085/tcp` kenako `sudo firewall-cmd --reload`; popanda `--permanent` lamulo limasowa makina akayatsidwanso, popanda `--reload` siliyamba kugwira ntchito. Seva ikakhala pa cloud pali mpanda wachiwiri kunja kwa makina, monga security group ya AWS kapena network security group ya Azure, ndipo `ufw status` sadziwa chilichonse za umenewo. Mukamaliza, tsekani 8080 yakale.

Docker ili ndi manambala awiri, ndipo kuwatembenuza n'kosavuta. Mu `-p 8085:8080`, yakumanzere ndi ya makina, yakumanja ndi ya mkati mwa container. Ngati cholinga ndi kupewa kulimbirana port pa makina, sinthani yakumanzere yokha, pulogalamu mkati isadziwe n'komwe. Mukasintha port mkati, yakumanja isinthenso, apo ayi mudzalandira `Connection reset` kapena `Empty reply from server`. Zizindikiro zomwezo zimabwera pulogalamu ya mkati ikamvetsera pa 127.0.0.1, chifukwa 127.0.0.1 wa container si wa makina. `EXPOSE` mu Dockerfile satsegula kanthu, ndi chidziwitso chabe kwa owerenga. Ma image a .NET 8 anasamuka pa 80 kupita pa 8080, ndiye `-p 8085:80` yakale imasiya kugwira ntchito mukangokweza. Ma container awiri a mu Compose imodzi amalankhulana pa port ya mkati, monga `http://api:8080`, osati ya kunja. Chenjezo lalikulu: port yotsegulidwa ndi `-p` imadutsa ufw, chifukwa Docker imalemba malamulo ake a iptables amene amagwira mapaketi ufw isanawaone. Ngati pulogalamu iyenera kufikidwa ndi proxy yokha, lembani `-p 127.0.0.1:8085:8080`.

Kanthu kena kakang'ono: `localhost` ndi `127.0.0.1` si chinthu chimodzi nthawi zonse. Dzinali likhoza kumasuliridwa kukhala `::1` wa IPv6, ndipo kuyambira Node.js 17 zimenezi zinayamba kuoneka kwambiri, ndi uthenga wa `ECONNREFUSED ::1:8085` pamene seva ikumvetsera pa IPv4 yokha. Kulemba `127.0.0.1` mwachindunji kumathetsa.

## Yafikika, koma zinthu zathyoka

`curl` ikamayankha bwino koma Chrome n'kunena `ERR_UNSAFE_PORT`, seva ilibe vuto. Maburawuza ali ndi mndandanda wa ma port amene amakana dala, monga 6000 ya X11, 6665 mpaka 6669 za IRC, 5060, 5061 ndi 10080. Firefox nayo imakana. Musavutike ndi kukakamiza burawuza yanu, chifukwa za anthu ena zidzakanabe. Sankhani nambala ina.

502 Bad Gateway itangosinthidwa port ndiye kuti proxy ikugogodabe pa khomo lakale. Mu `/var/log/nginx/error.log` mudzapeza `connect() failed (111: Connection refused) while connecting to upstream` pamodzi ndi adilesi imene inayesa. Sinthani `proxy_pass` kapena chigawo cha `upstream`, yesani ndi `sudo nginx -t`, kenako `sudo systemctl reload nginx`. Mu log mukakhala 13 m'malo mwa 111, ndi SELinux kachiwiri, tsopano ikuletsa Nginx kutuluka. `sudo setsebool -P httpd_can_network_connect 1` imalola. Health check ya load balancer kapena ya Kubernetes nayo ili ndi nambala yakeyake, ndipo ikatsalira pa 8080 pulogalamu yathanzi imachotsedwa pa mzere kapena kumangoyatsidwanso mobwerezabwereza.

Kenako pali nkhani yotumizidwa kolakwika: mwatsegula tsamba pa 8085, mwalowa ndi dzina lanu, burawuza n'kukuponyani pa 8080 kapena pa adilesi yopanda port. Mapulogalamu ambiri amasunga adilesi yawo yonse penapake. WordPress imaisunga mu tebulo la `wp_options`, pa mizere ya `siteurl` ndi `home`. Jenkins ili ndi Jenkins URL m'makonzedwe ake, GitLab ili ndi `external_url`, Grafana ili ndi `root_url`, Laravel ili ndi `APP_URL`. Ngati pali Nginx pakati imene nayo ili pa port yachilendo, onani mzere wa `proxy_set_header Host`. `$host` amachotsa port, pamene `$http_host` amapereka zonse monga burawuza inatumizira. Pulogalamu ikalandira dzina lopanda port imapanga ma link olozera pa 80. Ndipo 301 burawuza imaisunga, ndiye ngakhale mutakonza seva mukhoza kumaponyedwabe kwakale. Yesani ndi `curl -I` kapena pa windo la incognito musanaganize kuti simunakonze.

Kwa burawuza, port ndi mbali ya origin. `http://localhost:8080` ndi `http://localhost:8085` ndi malo awiri osiyana, ndiye mndandanda wa CORS (ma adilesi ololedwa kuitana API kuchokera mu burawuza) pa API uyenera kulandira nambala yatsopano, zimene zinali mu localStorage sizioneka, ndipo service worker yakale imatsalira kwakale. Kulowa kudzera pa Google, GitHub kapena Microsoft kumakana ndi mawu onga `redirect_uri_mismatch` mpaka adilesi yatsopano italembetsedwa kumeneko. Django 4.0 ndi zotsatira zake zimayang'ana Origin pa ma fomu, ndipo `CSRF_TRUSTED_ORIGINS` imafuna adilesi yonse, kuyambira `https://` mpaka port.

Ma cookie okha ndi amene satsata lamuloli: salabadira port n'komwe. Mapulogalamu awiri a Java pa dzina limodzi, wina pa 8080 wina pa 8085, onse amalemba `JSESSIONID` pamalo amodzi, ndiye mukalowa mu wina mumatulutsidwa mu mnzake. Anthu amafufuza vutoli mu kodi yolowera kwa maola ambiri pamene mulibe cholakwika. Patsani wina dzina lina la cookie, monga `server.servlet.session.cookie.name` mu Spring Boot kapena `SESSION_COOKIE_NAME` mu Django ndi Flask. HSTS, lamulo limene seva imauza burawuza kuti izigwiritsa ntchito HTTPS yokha, nayo imagwira dzina lonse mosayang'ana port: ngati dzinalo linatumizapo HSTS pa 443, burawuza imasandutsa `http://dzina:8085` kukhala `https://dzina:8085`, ndipo pulogalamu yolankhula HTTP wamba imabweretsa `ERR_SSL_PROTOCOL_ERROR`.

DNS singakuthandizeni kubisa nambalayo. Rekodi ya A kapena CNAME imalozera dzina ku makina basi, ilibe malo a port, ndiye amene walemba dzina lokha amapita pa 80 kapena 443. Ngati simukufuna kuti anthu azilemba `:8085`, proxy ndi yosapeweka. Ndipo ngati satifiketi yanu ya Let's Encrypt imatsimikizidwa ndi njira ya HTTP-01, port 80 iyenera kukhalabe yotseguka ngakhale pulogalamu yasamuka. Mukaitseka palibe chimene chithyoke lero. Kukonzanso satifiketi kudzayamba kukanika mwakachetechete, ndipo mudzadziwa itatha ntchito. `sudo certbot renew --dry-run` imakuuzani pompano, ndipo ngati 80 singatsegulidwe, njira ya DNS-01 siifuna port iliyonse.

Nambala yakale imene yatsalira penapake imapezeka msanga ndi `grep -rn "8080"` mu foda ya pulogalamu, mu `/etc/nginx` kapena `/etc/apache2`, mu `/etc/systemd/system` ndi m'mafayilo a `.env`. Pa foda ya Node.js onjezani `--exclude-dir=node_modules`, apo ayi mizere idzasefukira. Zimene `grep` singaone ndi zosungidwa kunja kwa makinawo: ma webhook olembetsedwa pa mautumiki ena, makonzedwe a chida choyang'anira ngati seva ili moyo, ndi pulogalamu ya pa foni imene inatuluka kale ili ndi 8080 mkati mwake. Kwa yomalizayi, siyani Nginx ikumvetsera pa 8080 n'kumapereka ku 8085 mpaka log itasonyeza kuti palibenso amene akubwera pa port yakale.